Mutu Wachisanu

Ine ndine wamantha, ndipo sindichita nazo manyazi. Anzanga olimba mtima onse ali kumanda. Mdzukulu wanga amene ndimakhala naye, yemwe timamutcha Kamlomo, ndamulera ndi machenjezo: asaime pansi pa mawaya a magetsi, asayankhe foni kukugwa mvula, asalandire switi kwa munthu womwetulira kwambiri. Zonsezi anamva. Chimene anakana kumva ndi cha kulemba.

Sukulu anaisiyira panjira amayi ake atamwalira. Pano ndi mtsikana wamkulu, amasita zovala za eni ake pamalo ochapira, kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Koma akaweruka, m'malo mopumitsa msana, amakhala pa ndowa yozondotsa n'kumalemba m'kope lachikuto chofiira, lonenepa ndi timapepala tomata. Zaka ziwiri akulidyetsa kopelo.

Ndinamuuza kuti pepala lililonse lolembedwa limene linalowapo m'nyumba mwanga linabwera ndi tsoka: samani ya kukhoti, kalata yochotsa ntchito malemu amuna anga, chipepala cha adokotala.

"Agogo, ine ndikungolemba nkhani," ankatero.

"Nkhanizo ndi zimene zimamangitsa anthu."

Lachiwiri lina masana ndinkasesa pafupi ndi zenera, monga ndimachitira iye akakhala pafoni, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti:

"Mitu inayi ndathana nayo. Watsala umodzi. Agogowo ndiwapha pamutu wachisanu, Loweruka lisanafike."

Tsache linandipulumuka m'manja. Ndinayamba kuwerenga anthu amene sakuonekanso mumsewu mwathu: wogulitsa makala, mayi wa m'nyumba yobiriwira, mlonda wa pasitolo. Atatu. Wachinayi ndinaganiza kuti ndi galu wa eni nyumba. Tiyi amene anandipangira tsiku limenelo ndinathirira maluwa. Maluwawo sanafe, koma duwa si munthu.

M'mawa atapita kuntchito ndinafunafuna pansi pa bedi, m'sutikesi, ngakhale m'thumba la makala. Mitu sindinaipeze. Ndinapeza kope. Ndinati chiwembu chonse chili m'menemu, ndikaliwotcha ndapulumuka, ndipo mbaula inali itayaka kale. Koma ndinadzifunsa kuti, nanga ngati mkatimu muli dzina la amene wamutuma? Ndinalikulunga m'nsalu n'kupita nalo kwa atelala a pakhonde la sitolo. Iwowa amatha kuwerenga, komanso ndimadziwa kumene amapita Lachinayi lililonse, ndiye sangandiulule.

"Atelala, imitsani makinawo mundiwerengere ichi. Ndipo chotsani singano pakamwa, mumeza."

Anavala magalasi n'kutsegula kopelo. "Mutu woyamba," anatero.

"Wa ndani?"

"Chiyani?"

"Mutuwo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka mpaka tepi yoyezera inagwa m'khosi. "Agogo, ndi mutu wa buku. Buku amalidula zigawozigawo ngati nsalu, ndiye chigawo chilichonse amati mutu."

"Lili ndi makutu kuti alitche mutu? Werengani."

Anadandaula kuti zilembo zake n'zokhotakhota ndipo mtsikanayu sadziwa poika mpumiro, moti munthu ukhoza kukomoka chiganizo chisanathe. Koma atayamba sanaime. Inali nkhani ya gogo wina amene ankakhala ndi mdzukulu wake m'chipinda chalendi. Gogoyo ankanunkhiza makalata asanawatsegule, ndipo m'basi ankakhala pafupi ndi chitseko atavula nsapato, kuti zikavuta athawe bwino.

"Mayi wanzeru ameneyo," ndinatero.

"Ndinuyo, agogo."

Mayi wina amene anabwera kudzatenga siketi yake anakhala pansi pomwepo n'kuiwala siketi. Wokonza nsapato anasendeza benchi lake. Ankaseka mpaka misozi, ngakhale ine sindinamvepo choseketsa, chifukwa zonse zimene gogoyo ankanena n'zoona. Mutu wachinayi utatha, atelala anatembenuza tsamba.

"Wachisanu sanaulembe. Pali mzere umodzi wokha: Agogo amwalira ali m'tulo, mwamtendere."

Apo ndiye magazi anga anawira.

Nthawi yomweyo Kamlomo anatulukira pakona akuthamanga, epuloni ya kuntchito ili m'chiuno. Anali atapita kunyumba nthawi ya nkhomaliro, n'kupeza matiresi atavundukulidwa ndi phulusa m'mbaula. Anaona kope m'manja mwa atelala. Ine ndinalilanda msanga n'kulikhalira.

"Agogo, chonde. Ndilibe lina. Kuwailesi kuli mpikisano wa nkhani, akutseka kulandira Loweruka."

"Kuti dziko lonse limve kuti ndinafa ngati nkhuku yodwala chitopa?"

"Si inu. Ndi agogo a m'buku."

"A m'bukuwo nsapato amavula bwanji ngati si ine? Iwe, zaka zonsezi ndikuchenjeza anthu, ndife popanda chondipha? Adzati nkhalamba ija inkangobwebweta."

Kamlomo anapukuta thukuta ndi epuloni. "Ndimafuna kuti musamve kuwawa."

"Ndani wakuuza kuti ndikufuna chifundo? Ndife ndi chinthu chimene ndinanena, anthu n'kukana kumva."

"Mphezi," anatero atelala.

"Mphezi ilibe mwini wake, atelala. Pamaliro anthu adzaloza ndani?"

Wokonza nsapato anati basi igubuduzike, koma ndinakana kufa pagulu, chifukwa ofa pagulu amangotchula chiwerengero. Ndiye ndinawauza za fani ya kudenga la kutchalitchi kwathu, imene imagwedera ngati mutu wa chidakwa. Abusa ndawauza kanayi. Ulendo wachinayi anandipempherera kuti mzimu wa mantha undichoke.

"Igwe imeneyo, pakati pa ulaliki," ndinatero. "Ndipo pamaliro abusa alire mamina ali chuchuchu, anene pamaso pa anthu kuti mayiyu anatiuza."

Maso a Kamlomo anali pakhoma, milomo ikuyenda yokha. Kenako anagwetsa nkhope. "Abusa sindingawalembe choncho. Andichotsa m'kwaya."

"Mawu ako aja? Udzakhala wawathandiza. Sankha, kope kapena kwaya."

Anatambasula dzanja. Ndinadzuka pang'ono, iye n'kusolola kopelo. Analemba ataimirira, pathebulo lodulirapo nsalu, ndi pensulo ya atelala, ine ndili pambali kuonetsetsa kuti gogoyo wakhala pampando woyenera, osati pansi penipeni pa fani ngati chitsiru, koma chapambali, mpaka anthu atamukakamiza kusendera pansi pake kuti alendo akhale. Faniyo inagwa patsamba lachitatu. Atelala atawerenga anati yagwa bwino, kungoti pakusowa mpumiro.