Imvi pa Chiwongolero

Amene anandilanditsa laisensi ndi mwana wa mlongo wanga, uja anzake amamutchula kuti Mkuntho. Linali Lachiwiri, sabata imene mvula inayamba chaka chatha.

Ine ndinayendetsa galimoto ya buledi zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Iye atangopeza ntchito ya makompyuta anagula chigalimoto chofiira cha zitseko ziwiri, chonyonyomala ngati chule, chofuula ngati ng'ombe ikuphedwa. Chikadutsa, amayi pampopi ankati mwana ameneyu amagulitsa chamba, ena ankati ndi wakuba. Ankamukweza. Anali chitsiru chabe.

Apolisi apamsewu ankamuimika tsiku ndi tsiku. "Iwe, galimoto iyi waitenga kuti?" Kumutsegulitsa kumbuyo, kununkhiza mipando, mpaka kuchedwa kuntchito. Ndiye anabwera ndi nzeru. Popeza tinkagwira ntchito mbali imodzi ya tauni, anayamba kunditenga m'mawa. Tikayandikira pamlatho pamene apolisi amatchinga msewu ndi migolo, ankaima kuseri kwa chikwangwani chachikulu n'kusinthana nane mpando. Apolisi akaona imvi pa chiwongolero ankangokweza dzanja. "Pitani, madala." Mbuzi zimene zija zimayang'ana mutu wa munthu, osati mapepala.

"Amalume, imvi zanuzi ndi mankhwala," ankatero. Ine n'kumaseka naye, kupusa kwanga.

Tsikulo anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, matayala akununkha. Za chikwangwani sanadikire.

"Yendetsani kuyambira pompano, amalume. Mutu ukundiwawa."

Pamlatho palibe anakweza dzanja. Anakokera migolo pakati pa msewu, ndipo sajeni wina wachimimba anabwera atagwira wailesi.

"Tsikani, madala. Ndinu mwathawa mnzathu pasukulu paja? Akukuimikani kuti ana awoloke, inu n'kumuwaza matope?"

"Ine ndangokwera kumene, bwana."

"Nambala ndi yomweyi, mtundu ndi womwewu, pampando pali inu. Mukuthamangira kuti pa msinkhu wanuwu? Kumanda satseka."

Anzake anaseka. Ndinacheukira Mkuntho. "Iwe, tawauza." Anali akukanda foni.

Sajeni anasuzumira pawindo. "Mnyamata, galimotoyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, bwana, koma amaikonda ndi amalumewa. Amayendetsa ndi iwo tsiku lililonse. Inu nomwe mumawaona."

"Zoona," anatero wapolisi wamkazi amene anali pa migolo. "Agogowa timawadziwa. Timadabwa kuti nkhalamba ikufunanji m'galimoto ya anyamata. Kapena pali kamtsikana, agogo?"

Kukhoti apolisi atatu analumbira kuti m'mawa uliwonse ankaona ine pa chiwongolero, ndipo sananame. Uja wa pasukulu anati dalaivala sanamuone chifukwa magalasi anali akuda. Ndinafotokoza za chikwangwani ndi kusinthana mipando. Woweruza anavula magalasi ake n'kunena kuti ngati zili choncho ndiye kuti ndakhala ndikupusitsa apolisi miyezi isanu ndi umodzi, kodi ndikufuna alembenso mlandu umenewo? Anandiletsa kuyendetsa zaka ziwiri.

Kuntchito sanandikalipire. Kapitawo anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi.

Ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinamupeza akusita malaya a mwana wake yemweyo, ndipo sanaike pansi ayironi.

"Achimwene, inu zanu munadya kale. Mwanayu akalembedwa mlandu, kuntchito kwake amuchotsa. Mukufuna tsogolo lake lithere pamlatho?"

"Nanga langa?"

"Zaka ziwiri si zambiri. Mupumeko, miyendo ija munkadandaula."

Anatembenuza malaya n'kuyamba kusita kolala.

Laisensi yanga ili m'kabati kukhoti. Galimoto ya buledi akuyendetsa wina. Mkuntho anakapentetsa yake kukhala yakuda, ndipo pakhomo panga sanapondepo mpaka lero.