Ndege Yooneka Ngati Lichero

1.
Ndi thabwa chabe.

2.
Malume Malizani amasema mipini ndi zipande. Ine Tinkhani, mwana wa mlongo wawo, ndinapita kumudzi patchuthi ndi pepala la ku yunivesite: chithunzi cha ndege yoyeserera ya nthawi ya nkhondo, yozungulira, yaphwatalala, yomwe sinafike n'kunkhondoko. Aphunzitsi ankafuna kachifanizo kake.

Mphwanga, imeneyi ndi ndege kapena lichero? anafunsa malume.

Ndinaseka.

3.
Mlombwa. Kasemasema. Tchizulo. Sandipepa. Masabata awiri. Kandege kaja anakayanika pathandala kuti vanishi aume.

4.
Lachiwiri mwana wa a Nasibeko, oyandikana nawo nyumba, anamwalira atadwala tsiku limodzi. Lachitatu, pochokera kumanda, wina anaona kanthu kakunyezimira pathandala.

5.
Anabwera dzuwa lili paliwombo amayi maso ali psu abambo makasu akumanda dothi likadali pomwepo wina akuti wakhala akumva kulira padenga pake wina akuti afiti amaulukira pa lichero tsono ili ndi lichero la injini wina akufunsa kuti munthu wosema zipande ndege wayionera kuti malume ali chiimire utuchi uli m'ndevu manja atawatambasula ngati akuwotha moto

6.
Iwe Tinkhani, wophunzira iwe, unatsogola. Unati ndi thabwa chabe, munthu sangakwanemo. Ukanalekera pomwepo. Koma umakonda masamu, unawonjeza kuti sentimita imodzi pa kameneka ikuimira masentimita 48 pa ndege yeniyeniyo.

Ndiye kuti imakula, anatero a Nasibeko motsitsa mawu.



7.
Miyala. Mpini umene malume anasema okha. Utsi padenga. Apolisi anafika nyumba itagwa kale. Malume ali moyo kuchipatala cha boma. Dzanja lamanja adokotala akuti tidikire.

8.
Zonsezi ndinawauza apolisi, analemba, ndinasainira. Ndinasiya malo amodzi, pakati pa 6 ndi 7. Bambo wina wa khasu, atapeza pepala lija m'nyumba, anandigwira kolala n'kufunsa kuti linabwera ndi ndani. Ndinati sindikudziwa, ndinapeza akusema kale.

Onse anacheukira kwa malume.

Malume anandiyang'ana pang'ono, kenako anati, mwanayu akunena zoona, musiyeni adutse.