Mchere m'Thanki ya Chabwera

Chabwera atakhota pakona ya nyumba, anapeza chitseko chake chili pululu, azimayi a payadi atadzaza pakhomo. Ba Nsofwa, eni nyumba, anali ataima patsogolo pa thanki yake yagalasi, mbale ya mchere wamibulu ili m'manja.

Thankiyo anaipatsidwa kushopu ya nsomba zoweta m'tauni, komwe ankagwira ntchito. Munali madzi amchere, miyala yofiirira ya pansi pa nyanja ndi tinsomba tachikasu. Iye anali asanaionepo nyanja yaikulu, koma ankauza Ketty, bwenzi lake, kuti wamubweretsera kachidutswa kake kwawo ku Mtendere. Munalinso chamoyo china chimene kushopu ankachitcha nkhaka ya m'nyanja, chachitali ngati nyongolotsi, chamizeremizere, chokhala ndi tinthenga kukamwa totolera zinyalala pamchenga. Chinkakonda kubisala m'miyala. Tsikulo chinatuluka chonse, mwana wina n'kuchiona pawindo.

"Iwe Chabwera, ni ya ndani ilomba iyi?" anafunsa ba Nsofwa.

Chabwera anakana kuti si njoka ya ufiti ayi, n'chinyama chotsuka mchenga basi. Ba Nsofwa sanafune kumva. Anati mdzukulu wawo wakhala akudwaladwala chibwerere thankiyo, ndipo panali ziwiri: athiremo mchere wopirikitsa zoipa, kapena Chabwera atulutse katundu dzuwa lisanalowe.

"Bamayo, manzi aya ali na mchere kudala, wopima bwino. Mukaikilako chizakalipa, chizachosa poizoni. Nsomba zonse zizafa."

"Mwamvela? Akamba yeka ati chili na poizoni," anatero mayi wina pakhomo. "Chikomekome cha mkuyu."

Ketty anadzipanikiza pakati pa azimayiwo, beseni la zitumbuwa zogulitsa lidakali m'khwapa. Anayang'ana chinthucho chikudzikoka pagalasi, tinthenga tija tikulowa m'kamwa kamodzikamodzi. Anali asanachionepo. Onse ankadziwa zomwe anthu amanena, kuti ilomba ikafa, mwini wake amagwa pompo.

"Ngati ni chinyama chabe, baleke baike," anatero Ketty motsitsa mawu, osamuyang'ana.

Chabwera anadikira kuti mwina aseka, kapena amugwira dzanja monga ankachitira akamaonera tinsombato. Ketty anangosuntha beseni. Pamenepo Chabwera, amene anali atatchinga thanki, anapatuka.

Mchere unatsika ngati matalala. Chinyama chija chinakwinyika, chinadzipotokola, kenaka chinaduka pakati, madzi n'kuchita mbuu. Tinsomba tinathamangira pamwamba tikuyasama, kenaka tinayamba kugadama. Koma panalibe amene ankayang'ana thanki. Maso onse anali pa Chabwera, pamiyendo pake, pachifuwa pake. Ketty anali atagwira pakamwa.

Chabwera sanagwe. Anaima chomwecho mpaka kansomba komaliza kataleka kugwedeza mchira.

Ba Nsofwa anakhosomola. Anati nkhani yatha, Chabwera akhale, munthu wamkulu amayenera kuteteza yadi yake. Azimayi anayamba kuchoka, wina akudandaula kuti nyemba zapserera.

Chabwera anapinda manja a shati n'kuyamba kutola tinsombato, akutiika pambale ya mchere yomweyo. Ketty anamuitana dzina. Anati anachita mantha chabe, kuti aliyense akanachita mantha.

"Brother wako ali nayo wilibala?" anafunsa Chabwera. "Nifuna kusamuka lelo."

"Uyenda kuti?"

Chabwera anawerama n'kuzimitsa pampu ya thanki, m'chipindamo munangoti zii.