Kamera Imathera M'mapewa

Mapazi anali atatupa moti nsapato zinakana kulowa. Kabokosi anayesa yakumanja, anayesa yakumanzere, kenako anangozikankhira kunsi kwa tebulo n'kutsegula laputopu. Pa msonkhano wa pa intaneti palibe amene amaona mapazi a mnzake.

Dzina loti Kabokosi anamupatsa ndi anzake a kuntchito. Ankagwira ntchito pakampani yotumiza katundu, koma ankagwirira kunyumba, m'kachipinda komwe amuna ake, omwe anali atelala, ankasungiramo nsalu. Ntchito yake inali kuyankha mafoni a makasitomala amene katundu wawo wachedwa kapena wasochera. Anthu otere saimba foni kuti akufunse mmene wadzukira. M'mawa uliwonse anzake a ku ofesi ankakhala mozungulira tebulo lalikulu, iye n'kumaonekera m'kabokosi kakang'ono pakona pa sikirini. Dzinalo linachokera pamenepo, ndipo linamukakamira.

Chimene a ku ofesi sankadziwa n'chakuti Kabokosi anali woyembekezera, ndipo mimba inali itakula.

Atelala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi. "Mayi, mapaziwo ndawaona. Lero ndi tsiku la sikelo, mwaiwalanso?"

"Sindinaiwale, bambo. Koma kuli msonkhano, ndiye ukatha mafoni ayamba. Ndipita sabata yamawa."

"Sabata yatha munatero. Ine madiresi ndikungowonjezera m'chiuno, koma ku ofesi akudziwa kolala yokha. Muwauza liti anthuwa?"

"Kontrakiti yanga ikangosainidwanso."

Atelala anapukusa mutu n'kubwerera ku makina awo. Anali munthu wa nthabwala, koma tsiku limenelo makinawo analira okha popanda nyimbo.

Mantha a Kabokosi anali ndi pochokera. Tsiku lina msonkhano utatha, a ku ofesi anaiwala kudula intaneti, ndipo anamva mkulu wa madalaivala akunena kuti, "A kunyumbawa ndiye akudyerera. Malipiro amawapeza ali m'bulangeti." Onse anaseka. Wonenayo anaiwala tiyi asanazizire, koma womvayo sanaiwale. Kuyambira pamenepo Kabokosi ankayankha uthenga uliwonse usanafike n'komwe bwinobwino. Ankadyera pa laputopu. Sankadzuka pampando kufikira dzuwa litapendeka, ndipo mpandowo unali wapulasitiki, wa pakhonde. Akamuwonjezera ntchito ya mnzake amene wapita kutchuthi, ankangoti, "Palibe vuto." Mumtima ankati, anthu amene akuganiza kale kuti ndimagona, ndikawauza za mimba adzandisunganso?

Abwana a gawo lawo anali mayi wachangu, wosakonda kutaya nthawi. Anthu ankawatcha Atiyambe, chifukwa msonkhano uliwonse ankautsegula ndi mawu amodzi omwewo, moni n'kusiyira ena. Sanali ankhanza ayi. Wa ku ofesi akangotsokomola kawiri, ankamuuza kuti apite kuchipatala. Kungoti chifundo chawo chinkadalira maso.

M'mawa umenewo msonkhano uli mkati, mutu wa Kabokosi unayamba kuwawa ngati wina akuumanga ndi chingwe. Zilembo za pa sikirini zinayamba kusambira, ndipo ankaona tinyenyezi. Anamwetulirabe mpaka msonkhano unatha. Poti adzuke, anagwira tebulo n'kuitana ndi mawu aang'ono.

"Bambo, tabwerani."

Atelala sanafunse za sabata yamawa. Anatseka laputopu ija ndi dzanja lawo, n'kumuveka masilipasi awo omwe.

Kuchipatala anakumana ndi anamwino achikulire, a magalasi pamphuno. Anamuyeza magazi, anadina mwendo ndi chala, dzenje n'kutsala. Anayang'ana Kabokosi pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, magazi ako akuthamanga kwambiri. Kwa mayi woyembekezera, kutupa kotere, mutu ndi kuona tinyenyezi si zinthu zodikira nazo. Zikhoza kukupweteka iwe ndi mwana yemwe. Wachita bwino kubwera lero, koma kusikelo unasowa. Unali kuti?"

"Kuntchito, amayi."

"Kuntchito sakupatsa mpata wobwera kuno?"

Atelala ndi amene anayankha. "Sanawauze. Amagwirira kunyumba, ndiye amamuona nkhope yokha."

Anamwino anavula magalasi. Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Ndikuuze. Masiku ano ndikulandira ambiri ngati iwe. Wina msana, wina maso, wina sagona tulo. Onse amati, 'Ndimagwirira kunyumba,' ngati kuti kunyumba munthu satopa. Ukanakhala ku ofesi, mimbayi ikanadzinenera yokha. Anzako akanakupatsa mpando wabwino, akanakulanda mafayilo olemera. Koma iwe uli kutali, ndiye pakamwa pako ndi pamene payenera kugwira ntchito ya maso awo."

"Nanga akandichotsa?"

"Kuyembekezera si mlandu. Ukafunse ku ofesi yoona za antchito, akuuze za ufulu wako ndi tchuthi chako, ndipo ine ndikulembera zoti ukawaonetse. Koma ngakhale zitavuta bwanji, ntchito ina imapezeka. Iwe sitingakupezenso kwina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwanawe."

Anamugoneka kuchipatala kuti amuyang'anire, anamupatsa mankhwala, ndipo magazi atatsika anamutulutsa ndi malangizo. Abwere kusikelo tsiku lililonse limene amulembera. Azidzuka pampando n'kuyendayenda. Azipuma. Mutu ukangoyambiranso, abwere nthawi yomweyo.

Kwa abwana Kabokosi anali atangotumiza uthenga woti wadwala pang'ono. Tsiku lobwerera pa msonkhano linakwana. Atelala anaima kuseri kwa chitseko, akunamizira kufunafuna sizasi.

"Tiyambe," anatero abwana.

"Pepani, abwana. Tisanayambe ndili ndi mawu."

Kabokosi anakankhira mpando kumbuyo, anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuimirira pang'onopang'ono. Nkhope inachoka pa sikirini. M'malo mwake munadzaza mimba, yozungulira bwino, m'diresi la maluwa limene atelala anali ataliwonjezera kale kangapo.

A ku ofesi onse anatong'ola maso. Kenako mtsikana wa pa risepushoni anakuwa, "Mayo ine! Kabokosi!" Ena anayamba kuwomba m'manja. Abwana okha sanawombe. Anayandikira sikirini, dzanja lili pakamwa.

Kabokosi anakhalanso pansi n'kufotokoza zonse: za magazi, za sikelo imene ankajomba, ndi za mawu amene anamva tsiku lija. Sanatchule wonena. Mkulu wa madalaivala anayamba kuyang'anitsitsa kapu yake ya tiyi ngati muli nkhani.

"Miyezi yonseyi," anatero abwana, "ndakhala ndikukuwonjezera ntchito. Tsiku lililonse ndimakuona, koma sindinakufunsepo kuti uli bwanji. Mchemwali wanga, undikhululukire. Ndachita manyazi."

Misozi imene Kabokosi anaisunga nthawi yaitali inatsika yokha. Inali misozi ya munthu amene watula katundu.

Tsiku limenelo za katundu wosochera sanakambe. Abwana anafunsa enanso awiri amene ankagwirira kunyumba kuti anene zakukhosi. Bambo wina wowerengera katundu anati chaka chinali kutha asanapite kutchuthi, poopa kuti anzake anena kuti tchuthi ali nacho kale. Mayi wina anati nkhani za pantchito amazimva zitazizira, ndipo mnzawo atataya mayi ake iye anamva patapita mwezi, moti mpaka pano amasowa pomuyambira. A ku ofesi nawo ananena zawo. Ankaganiza kuti wakunyumba akachedwa kuyankha ndiye kuti ali kumsika.

Anagwirizana zinthu zosavuta. Msonkhano uziyamba ndi moni, ndipo a kunyumba azilankhula poyamba. Nthawi ya nkhomaliro ndi yoweruka ikhale imodzi kwa onse, ndipo ikakwana pasakhale wotumiza uthenga wa ntchito. Abwana aziimbira wakunyumba aliyense payekha kamodzi pa sabata, osati kufunsa za mafayilo, koma za munthuyo. Tsiku la sikelo la Kabokosi linakhala lake, mafoni ake n'kugawidwa kwa anzake.

Madzulo a tsiku lotsatira galimoto ya kampani inaima panja. Anatsika mkulu wa madalaivala, atasenza mpando wa mu ofesi, uja wofewa wotsamira. Anauika m'kachipinda ka nsalu, anaupukuta ndi mpango wake ngakhale unalibe fumbi, kenako anavula chipewa.

"Mlongo, pakamwa pangapa palibe mabuleki. Mawu aja ndinanena ndine. Pepani."

"Ndinakuzindikirani mawu, achimwene," anatero Kabokosi akuseka. "Khalani pansi, mumwe tiyi. Muone mmene timadyerera kunoko."

Atelala anamupatsa mlendoyo mpando wapulasitiki uja. Asanathe n'komwe kapu imodzi, anayamba kudzigwira msana.

Magazi a Kabokosi sanasiye kuvuta nthawi yomweyo. Panali masiku ena amene ankakwerabe, koma tsopano sankajomba kusikelo, ndipo anamwino ankawagwira msanga. Kontrakiti inasainidwa iye ali patchuthi. Nthawi itakwana anabereka mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu aakulu. Abwana anafika kuchipatala ndi anzake awiri, ndipo aka kanali koyamba kuti amugwire Kabokosi dzanja. Anamunyamula mwanayo kwa nthawi yaitali, osayang'ana wotchi.

Anamwino achikulire aja podutsa anaima n'kufunsa, "Awa ndi achibale?"

"Ndi a kuntchito," anayankha Kabokosi.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyo," anatero anamwino, n'kupitiriza ulendo wawo.

Phunziro lake nali. Wogwirira ntchito kunyumba amatopa, amadwala ndiponso amasungulumwa ngati wina aliyense, kungoti palibe womuona. Ngati ndinu abwana kapena mnzake wa ku ofesi, musadikire kuti muone ndi maso. Muimbireni, mumufunse kuti ali bwanji, ndipo mudikire yankho. Ngati ndinu amene muli kunyumba, musabise matenda poopa kutaya ntchito, ndipo mayi woyembekezera asajombe kusikelo chifukwa cha msonkhano. Nenani msanga. Anzanu sangakuthandizeni kusenza katundu amene sakudziwa kuti mwasenza.