Sindine pa Nsanja

Dzina loti Sindine anamupatsa ndi mayi ake omubereka. Mbale ikasweka, mtsikanayo ankafuula kuti "si ine" zidutswa zisanasiye n'komwe kugubuduzika. Anakula nalo dzinalo mpaka kulowa nalo ntchito ya mu saluni. Ndiye alamu ake, amuna a achemwali ake, mphunzitsi wokonda zisudzo kuposa chakudya, atamusankha kuti akhale mwana wolapa m'sewero lawo, banja lonse linaseka mpaka kugwira nthiti.

Sewerolo analemba okha alamuwo. Linali la bwana wina amene ankatseka mipopi ya m'dera lake mobisa kuti anthu azigula madzi a m'thanki mwake. Mwana wake wamkazi ankadziwa zonse koma n'kungoti duu, mpaka khanda la neba linadwala litamwa madzi a m'ngalande. Kumapeto mwanayo ankayenera kugwada, kulira, n'kuulula.

Kugwadako Sindine ankagwada bwinobwino. Vuto linali nkhope.

"Mlamu, ukuoneka ngati wataya ndolo ndiye ukuifunafuna pansi," anatero alamu ake tsiku lina akuyeserera m'kalasi, madesiki atawakankhira kukhoma. "Chikumbumtima! Ndikufuna ndione chikumbumtima chikukudya!"

"Chindidye chifukwa chiyani? Mipopi anatseka ndi bambo ake. Mwanayu walakwanji?"

"Anakhala chete."

"Ndiye kukhala chete ndi mlandu? Inu achemwali akamakalipa kunyumba simukhala chete?"

Anzawo a m'gulu la zisudzolo anafa nalo phwete. Alamu ake anavula magalasi, n'kumuuza kuti apite akafufuze mmene munthu wolakwa amaonekera.

Sindine anafufuzadi. Anayang'anitsitsa galu wa neba atagwidwa ndi nsapato kukamwa. Anayang'anitsitsanso bambo wina amene anabwera kudzatenga mkazi wake ku saluni atanyamula maluwa popanda chifukwa. Onse awiri ankapendeketsa khosi mofanana. Kuyambira pamenepo, akangopeza kampata kuntchito, ankaima pa kalilole n'kumayeserera khosi limenelo.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wina amene mwana wake ankakwatiwa masana omwewo. Sindine anamupaka mankhwala owongola tsitsi, n'kumusiya pampando, iye n'kutembenukira pa kalilole wa pakona. "Bambo, madzi mukugulitsawa ndi misozi ya anthu," ananong'ona, khosi kumanja. Anabwereza, khosi kumanzere. Mayiyo atadandaula kuti mutu ukuwotcha, Sindine anayankha osacheuka kuti ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Pamene ankakumbukira zomutsuka, tsitsi linkatsika mu sinki ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha.

Mayiyo anakuwa moti a m'sitolo yoyandikana anatuluka panja. Madamu, mwini saluniyo, anabwera akuthamanga.

"Wachita izi ndani?"

"Si ine, Madamu. Ine ndangopaka. Osakaniza mankhwala ndi Anti."

Anti anali mayi wachikulire, wosachuluka zonena, amene anayamba ntchito pamalopo saluni ili ndi mpando umodzi. Anatsegula pakamwa, anayang'ana Sindine, n'kutsekanso. Madamu, pofuna kuziziritsa mtima wa kasitomala, anauza Anti pomwepo kuti atenge chikwama chawo azipita. Mayi wa mkwatibwi anapita ku ukwati atavala wigi, yomwe kunena zoona inamukhala bwino kuposa tsitsi lake, kungoti panalibe wolimba mtima woti amuuze.

Sindine ankaganiza kuti nkhaniyi ingozilala yokha monga zinkathera zina zonse. Koma sizinatero. Ankadya osakhuta. Ankakalipira chipeso, ankakalipira mpando. Choposa zonse, anakwiyira Anti. Munthu wamkulu kulephera kudziyankhira, pakamwa anapatsidwira chiyani? Kapu ya Anti ya tiyi inali itatsala pa shelefu, ndipo inkamuyang'ana. Anaibisa kuseri kwa matawulo, koma tsiku lonse ankangodziwa kuti ili kuseri kwa matawulo.

Gulu lija litakumananso kuti liyeserere sewero, nthawi yolira itakwana, Sindine sanagwade. Analunjika kwa mtsikana amene ankasewera ngati neba uja.

"Inunso khandalo bwanji simunaliphitsire madzi? Bwanji simunakuwe? Mumadikira ine? Ndine mayi wanu ine?"

Kenako anatembenukira wosewera ngati bambo ake, kalipentala wamtima wabwino, n'kumugwira pakhosi pa malaya mpaka batani linathothoka.

"Zimenezo m'sewero langa mulibe!" anafuula alamu ake.

"Alamu, munthu wolakwa sapendeketsa khosi. Amakwiya. Amafuna wina woti amulume."

Alamu ake anamuyandikira. "Mlamu, wapalamula chiyani?"

Sindine anatola batani lija, anapatsa mwini wake, n'kumapita kwawo.

M'mawa mwake analawirira kuntchito, mawu atawakonza bwino m'mutu kuposa a m'sewero. Anapeza Madamu akuzula nsidze pa kalilole. Anawauza zonse, kuti Anti anasakaniza bwino, kuti iye ndi amene anaiwala kasitomala pampando. Anadikira kukalipiridwa, mwina ngakhale kuchotsedwa ntchito.

"Ndikudziwa," anatero Madamu, osasiya nsidze. "Ndinakuona ukucheza ndi kalilole."

"Nanga bwanji munathamangitsa Anti?"

"Iwe makasitomala achitsikana amakukonda, masitayilo atsopano umawatha. Anti maso ayamba kuvuta, ndinkangosowa poyambira. Tenga tsache usese apo."

Sindine anaima ngati wamenyedwa khofi. Anali atabweretsa mtima wake wonse, munthu n'kumupatsa tsache. Anasesa ndithu. Poweruka anavundukula matawulo, anatenga kapu ija, n'kufunsira njira ya kwa Anti.

Anawapeza pakhonde akuluka mayi wina, ena atakhala pabenchi kudikira. Ambiri mwa iwo Sindine ankawadziwa: anali makasitomala a Madamu.

"Wabwera kudzalira?" anafunsa Anti. "Usandinyowetsere khonde. Gwira apa."

Anamupatsa mtolo wa tsitsi lolukira kuti aziwapatsira pang'onopang'ono. Sindine anaika kapu pansi, n'kuyamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, amayi onse a pabenchi atatchera khutu. Sanagwade, panalibe pogwada. Anangonena zomwe anachita, mawu akutuluka mokhotakhota. Mayi wina anatsonya. Wina anagwira tsitsi lake ndi manja awiri n'kusendera kutali.

"Ndamva," anatero Anti.

"Mwandikhululukira?"

"Ndati ndamva. Uziona zomwe ukundipatsira, ukundisokonezera mzere."

Anamugwiritsa tsitsilo mpaka mapewa anachita dzanzi, ndipo tsiku lililonse lomwe ankapuma kwa Madamu ankabwereranso pakhondepo. Mankhwala okha Anti anamuletsa ngakhale kuwanunkhiza.

Alamu ake anakana kwamtuwagalu kusintha sewero, kenako analisintha, n'kumauza anthu kuti mkwiyowo anauganiza okha kuyambira pachiyambi. Kugwada kokha anakakamira kuti kusachoke.

Tsiku la sewero holo inadzaza. Sindine atayamba kukalipira bambo ake a pa nsanja, kalipentala uja anaiwala mawu ake onse n'kuyamba kupepesa zenizeni. Mayi wina kumbuyo anaimirira n'kufuula kuti, "Muuze, mwanawe! Kwathunso aliko woteroyo!" Anthu anaseka, kenako holo yonse inati zii pamene Sindine anagwada n'kunena motsitsa mawu kuti ankadziwa, ndipo ankasamba madzi a m'thankimo tsiku ndi tsiku.

Ali chigwadire, anaponya diso pa mzere wachiwiri pomwe anakhazika Anti. Anti anali m'tulo, pakamwa pali yasa, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Panja, anthu akumuyamikira, Anti anabwera akutikita m'maso.

"Mwaliona bwanji, Anti?"

"Lalitali. Komanso mabenchi ake olimba." Anakonza duku lawo. "Mawa ufike msanga, kuli mitu ya ana asukulu. Udyeretu kwanu, ine sindiphikira munthu."