Penshoni ya Bambo a Tithokoze

Ndinali pa mpopi wa kuseri, manja ali m'thovu, ndikuchapa bulangete la mwana wanga Tithokoze, pamene a Ambrosi anatulukira pageti. Amenewa ndi amalume awo a Everson, amuna anga akale, ndiponso ndiwo anali ankhoswe a ukwati wathu umene wathera kukhoti mwezi wathawu. Sindinadzuke. Ndinangowalozera chidebe chovundikira kuti akhalepo.

"Mwaswera bwanji, mayi a Tithokoze?"

"Taswera. Ngati mwabwera ndi mawu anu aja akuti pirirani, ukwati wake unatha."

Munthu ameneyu sindinkamufuna. Ndikapita kwawo ku Chilomoni kukadandaula, kaya za mowa wa a Everson, kaya za chibwenzi chawo cha ku Bangwe chija, yankho linali lomwelo: pirirani, bwererani kunyumba. Ndinapirira mpaka mwana wafika Fomu 3.

Kukhoti atandifunsa za katundu wogawana, ndinatchula zimene maso anga ankaona: firiji, mipando, bedi, ndi malata amene tinatola matope a namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba ku Chilobwe. A Everson analonjeza kukandimangira nyumba kwathu ku Phalombe, monga umanenera mwambo. Kwathu kwake kumene ndinachokako ndili mtsikana. Koma lendi ya kuno ku Zingwangwa sindikanaikwanitsa ndi geni ya mandasi yokha, ndiye ndinali nditayamba kale kulongedza. Tithokoze ndimamuchotsa sukulu pakati pa chaka, ndipo chimuuzireni nkhaniyi sankandiyankhula.

"Za penshoni munatchula?" anafunsa a Ambrosi.

"Penshoni ya yani? Ine ndinagwirapo ntchito kufakitale?"

"Wogwira ntchito kufakitaleyo ankadya kuti? Ovololo ankamuchapira ndani?"

Ndinasiya bulangete. Ine ndinkayesa katundu wa m'banja ndi amene amakwezedwa pa lole.

"Dzulo ndinamuitana mphwangayo," anatero, "ankhoswe a kwanu, a Mwantumu, ali pomwepo. Anayamba wakana, ati thukuta ndi lake. Ndinamuuza kuti, iwe Everson, nkhuku ya pa chinkhoswe chako ndinadya ndine, ndipo wodya nkhuku ija saimira mphwake yekha. Mayiyu akabwera ndi chikwama, wowabweza kunyumba kwako ndinali ine. Zaka zimene ankabwererazo ndi zomwezo penshoni yako inkakula. Ukaibisa, ndikanena ndekha kwa a majisitireti."

"Ndiye?"

"Ndiye anandinena kuti ndine nkhalamba yogulitsa m'bale wake. Atatopa n'kuvomera. Ya zaka za ukwati mugawana pakati. Lachinayi tikaonekere tonse kukhoti akailembe m'chigamulo, pajatu za pakamwa pa mphwanga mukuzidziwa. Akupuma ntchito Disembala. A landilodi mukawaonetsa chigamulocho, akhoza kukudikirani."

Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo zikomo wopita kwa a Ambrosi ndinali ndisanamukonzepo. Ndinangopezeka ndagwada pamatope pomwepo, ndikuomba m'manja, thovu likuwathovokera pa thalauza.

"Dzukani mayi, thalauza la kutchalitchi ili."

"Mwandithandiza, malume. Mwana uja amaliza sukulu konkuno."

"Amalize. Ndipo akakhoza mudzandiuze, osati ndizimvera m'minibasi."

Ndinalowa m'nyumba n'kuwatengera mandasi otsala a m'mawa m'kapepala. Anasuzumiramo.

"Awiri okha? Nkhani yonseyi?"

"Pirirani," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuika kapepalako m'thumba la jekete. Ndikanawaperekeza mpaka pa siteji, koma mpopi unayamba kukhosomola, ndipo madzi a kuno akatero ndiye akupita. Ndinatchera ndowa msangamsanga. A Ambrosi anatseka okha geti. Bulangete linali lidakali ndi sopo, ndipo pambali panali mulu wa mayunifolomu ndisanaugwire n'komwe.