Kamera Kuseri kwa Namwali Mariya

Doña Nereida anali atatopa nako kugogoda chitseko cha bafa. Mwana wawo Wilfredo, makaniko wa zaka 34, ankadzibayira mankhwala ozunguza bongo m'menemo, ndipo anzake awiri anali atafa kale nawo, aliyense ali yekhayekha. Choncho mayiwo anagula kakamera n'kukabisa pashelefu ya m'bafamo, kuseri kwa chifanizo cha Namwali Mariya. Bola zikanathera pomwepo. Koma Lachinayi anakaonetsa zithunzizo kwa amayi anzawo a gulu lopemphera korona kutchalitchi kuti amupempherere. Pofika Lamulungu, theka la tauni yawo ya Caguas linkapemphera, ena mokweza.

Wilfredo anaponya kakamerako patebulo.

"Amayi, mwandionetsa kwa anthu buluku lili m'mawondo?"

"Ndimafuna usafe, iwe."

"Ndiye ndikafera kwina."

Anayamba kukadzibayira m'bwinja lina limene mphepo yamkuntho inasasula denga, kosafika ngakhale galu. Mayiwo, atakwiya komanso ali ndi mantha, anapita kwa Yaritza, wazaumoyo amene ankagawa majakisoni atsopano pabwalo la tauni.

"Mwana wosayamika ameneyu," anadandaula.

"Mayi, ali m'bafa muja munkamupeza ndi mapazi asanu," anatero Yaritza. "Lero akakomoka mumupeza ndi angati?"

Yaritza anatulutsa kachipangizo kangati sopo. Sikajambula, sikamva mawu. Munthu akangokhala mphindi ziwiri osasuntha, kamachititsa foni kulira.

"Bweretsa kuno, ndikabise," anatero mayiwo.

"Mwayambanso? Ayi. Mwini thupi avomere kaye."

Panatha milungu iwiri Yaritza akulondola Wilfredo kugalaja. Pomaliza anavomera kubwerera kubafa la kunyumba n'kuikamo kachipangizoko, koma anaika malamulo ake: azikayatsa yekha, kazilira pafoni ya amayi ake basi, osati kupolisi, osatinso kwa a korona. Mayiwo anang'ung'udza kuti mwana akuwalamulira m'nyumba mwawo, komabe anaphunzira kupopera nalokisoni m'mphuno, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wadzibaya mopyola muyeso.

Masana ena akukazinga nthochi, foni inalira. Anamupeza Wilfredo ali pansi m'bafa, milomo itachita bii. Anapopera, anaimbira ambulansi, n'kumamugwedeza uku akumukalipira. Wilfredo anakoka mpweya.

Kuchipatala, funso lake loyamba linali lakuti, "Mwauza angati?"

"Palibe."

"Ngakhale a korona?"

"Namwali yekha. Uja alibe foni."

Wilfredo sanasiye mankhwala tsiku lomwelo, koma Lolemba anapempha yekha Yaritza kuti amuperekeze kukayamba chithandizo.

Chipangizo chimapulumutsa munthu amene wachivomera. Mukamuzonda mobisa ndi kumuyalutsa, amakabisala kumene simungamupeze. Mufunseni, gwirizanani za amene azidziwitsidwa, musunge chinsinsi chake, ndipo nalokisoni azikhala pafupi.